Kabokosi Kolizira Galimoto Pamene Batire Yafooka

(Nkhani imene Mlangizi wa Zaulimi wa ku Golomoti analankhula pa wailesi)

Nkhani yathu lero iri ya galimoto yokana kulira, pakuti bvuto limeneli limaononga zokolola zimene zacoka kale m'munda.

Mlimi akathyola tomato wace madzulo amapangana ndi mwini galimoto kuti alawire m'bandakuca, akwere mseu wa Khwekhwerere dzuwa lisanatuluke, akagulitse ku Dedza kapena ku Lilongwe. Ngati batire yafooka usiku, galimoto imangoti keche keche osalira, ndipo pofika dzuwa pamutu tomato uja wayamba kufewa, mtengo wace wagwa. Mpunga wa ku Bwanje ukhoza kudikira mpaka mawa, koma nsomba zaziwisi zocokera ku Chipoka sizidikira, ndiponso mai wodwala amene afunika kufika ku cipatala ca ku Mua usiku sangadikire konse.

Kale galimoto ankailiza ndi handulo yopukusa pamanja, ndipo akuluakulu ena akumbukira malole otere. M'caka ca 1912 galimoto za Cadillac ku America zinayamba kutuluka ndi sitata ya magetsi imene anaikonza Charles Kettering, ndipo nchito ya mkono inapita kwa batire. Batire ya galimoto yaing'ono iri ndi mavoti 12, ndipo m'kati mwace muli mtobvu ndi madzi a asidi. Poliza injini, sitata imakoka moto wambiri kwa masekondi owerengeka okha. Injini ikalira, alternator imabwezera moto uja pang'onopang'ono.

Kuno kucigwa batire imafooka pa zifukwa zitatu. Coyamba ndi kutentha. M'miyezi ya October ndi November madzi a m'batire amauma msanga ndipo mtobvu umadyeka, cotero batire imakalamba msanga kuno koposa kumapiri a ku Dedza. Caciwiri ndi kukhalitsa. Thirakitala kapena lole imene yaima miyezi iwiri kapena itatu kuyembekeza nyengo yolima kapena yokolola imataya moto yokha, ngakhale palibe waikhudza. Cacitatu ndi kugwiritsa nchito batire injini iri cete. Anthu ogona pa msasa kunyanja, alendo omanga mahema ku Cape Maclear, ndi ogula mbeu amene agona kumudzi amayatsa nyali ndi wailesi ya m'galimoto, nachaja mafoni usiku wonse. Kukaca moto wotsala sukwanira kupukusa sitata.

Mankhwala athu akale ndi awiri, kukankha ndi kujampa pa galimoto ina. Kukankha kufuna anthu amphamvu ndi mseu wouma, ndipo pa mcenga kapena m'matope a dzinja nkungotaya thukuta. Ndiponso galimoto zambiri zimene zilikubwera kucokera ku Japan masiku ano ndi za automatic, ndipo zotere sizilira ndi kukankha ai. Kujampa kufuna zingwe ndi galimoto yaciwiri. Pa mseu waukulu wa Salima ndi Balaka mnzanu wokuthandizani sasowa, koma kumunda kutali ndi tala mukhoza kuswera tsiku lonse osaona galimoto.

Tsono kuli kabokosi kamene m'masitolo amakacha jump starter. Kukula kwace kali ngati buku la m'thumba, ndipo kali ndi zingwe ziwiri zazifupi zokhala ndi mano opanira, cofiira ndi cakuda. M'kati mwace muli batire ya lithium, mtundu umodzi ndi ya m'foni. Mabatire otere anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony m'caka ca 1991, ndipo ubwino wao ndi wakuti ngopepuka, amasunga moto nthawi yaitali, ndipo akhoza kuutulutsa wambiri nthawi imodzi. Ife a ku Golomoti tiri nao pafupi, pakuti malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba nchito kuno m'caka ca 2022 amasunga magetsi ao m'mabatire akuluakulu a mtundu womwewu. Kabokosi sikadzaza batire ya galimoto, kamangobwereka sitata moto wa masekondi ocepa aja kuti injini ilire. Kambirinso kali ndi tochi ndi pochajira foni, zinthu zothandiza kwambiri munthu akagona kuthengo.

Kagwiritsidwe kace nkotere. Zimitsani nyali, wailesi ndi zonse za magetsi, ndipo galimoto ikhale pa handibuleki, giya iri pa neutral kapena pa P. Panani cingwe cofiira pa mutu wa batire wolembedwa +, ndi cakuda pa mutu wolembedwa − kapena pa citsulo ca injini copanda penti. Mano awiriwo asakhudzane. Kakaonetsa kuti zingwe zakhala bwino, lizani injini kwa masekondi osapitirira 5. Ikakana, dikirani mphindi imodzi kuti kabokosi kazizire, ndipo yesaninso. Ikakana katatu lekani, cifukwa bvuto liri pena. Ikalira, cotsani zingwe msanga, kuyambira cakuda, ndipo yendetsani galimoto mphindi 30 kapena kuposa musanaizimitse. Kabokosi kali konse kamabwera ndi pepala la malangizo ace. Liwerengeni kunyumba tsoka lisanagwe, pakuti safunsa anadya phula.

Cenjerani ndi zinthu izi. Batire ya mtobvu imatulutsa mpweya woyaka, cotero fodya, macesi ndi koloboyi zikhale kutali. Batire yotupa, yong'aluka kapena yodontha asidi musaijampe. Malole akuluakulu ambiri ali ndi mabatire awiri olumikizana a mavoti 24, ndipo kabokosi ka mavoti 12 sikayenera pamenepo. Koposa zonse, lithium imadana ndi kutentha. M'galimoto yotseka imene yaima padzuwa la October, pansi pa galasi pamatentha kupitirira madigiri 60, ndipo kabokosi kosiyidwa pamenepo kakhoza kutupa ngakhale kuyaka. Kasungeni pamthunzi ndi pouma, ndipo muzikachaja pakapita miyezi itatu ngakhale simunakagwiritse nchito. Kuli magetsi a ESCOM kapena sola ya panyumba kamachajika ngati foni.

Pogula, onani pa bokosi kukula kwa injini imene kangathe kuliza. Amalemba m'malita, pawiri, petulo payekha ndi dizilo payekha, cifukwa injini ya dizilo imalimba kupukusa ndipo imafuna moto wocuruka. Sankhani kamene kamakana kutulutsa moto ngati mwasemphanitsa zingwe. Manambala akuluakulu olembedwa pa katundu wochipa asakunyengeni. Pemphani wogulitsa akayese pa galimoto inu mukuona, ndipo akupatseni lisiti.

Dziwaninso zimene kabokosika sikangathe. Ngati lamba wa alternator waduka, kapena alternator yafa, galimoto idzalira koma idzazimanso panjira. Ngati sitata yapsa kapena mafuta atha, sikathandiza kanthu. Ndipo batire imene ifuna kujampa m'mawa uli wonse yatha nchito, pitani nayo kwa makaniko. Samalani batire yanu. Ufa woyera umene umamera pa mitu yace tsukani ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, ndipo mangani mawaya zolimba. Ngati iri yotsegula, thirani madzi a batire okhaokha, osati a pa mjigo. Galimoto ikati ikhalitse, masulani waya wa ku − ndipo muziiliza nthawi ndi nthawi.

Mtengo wace ungalemere munthu mmodzi, koma kalabu ya alimi imene imachita hayala galimoto imodzi ikhoza kusonkha nkugula kamodzi, nkusankha munthu wokasunga ndi kukachaja. Kambiranani zimenezi pa msonkhano wanu ulinkudza, tomato ndi masamba a m'dimba zisanace.