Laputopu ikafa: kodi kakompyuta kotchipa kangalowe m'malo mwake?

Kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, aphunzitsi, alembi ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, laputopu ndiye khasu lawo. Ikafa, ntchito imaima tsiku lomwelo, ndipo kugula ina yatsopano si nkhani yamasewera. Pafupifupi makompyuta onse ogulitsidwa m'dziko muno amachokera kunja, motero mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha, yomwe idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

N'chifukwa chake ena amatembenukira ku timakompyuta ting'onoting'ono totsika mtengo. Tingathedi kupulumutsa munthu pa nthawi ya mavuto, koma wogula ayenera kudziwa zomwe akupeza ndi zomwe akutaya.

Kodi yafadi?

Musanatulutse ndalama, fufuzani chomwe chawonongeka. Laputopu yambiri imene eni ake amati yafa imakhala kuti yangowonongeka chiwalo chimodzi. Ngati siyaka n'komwe, yesani tchaja ina yofanana mphamvu ndi yanuyo. Ngati ikumveka kuti yayaka koma sikirini ili bii, ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI. Zithunzi zikaoneka pa TV, ndiye kuti vuto lili pa sikirini kapena chingwe chake basi, ndipo makinawo angapitirize kugwira ntchito ali patebulo. Kiyibodi yakufa nayo imalowedwa m'malo ndi ya USB. Koma vuto likakhala pa motherboard, makamaka laputopu ikathiridwa madzi kapena tiyi, mtengo wokonzetsera umatha kufanana ndi wogulira ina.

Chachiwiri ndi kupulumutsa mafayilo, chifukwa kafukufuku wa wophunzira kapena kaundula wa ngongole za makasitomala sagulidwa m'sitolo. M'malaputopu ambiri, hard disk kapena SSD imatheka kuichotsa n'kuiika m'kabokosi ka USB, kenako n'kuiwerenga pa kompyuta ina ngati fulashi. Chenjezo n'lakuti ngati idatsekedwa ndi BitLocker, pafunika nambala yotsegulira ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Musalole mmisiri kufufuta chilichonse mafayilo anu musanawaone ndi maso.

Mitundu itatu ya timakompyutati

Mtundu woyamba ndi mini PC, kabokosi kokula ngati buku lochindikala. Ina ndi yatsopano, yoyendera purosesa ngati Intel N100 ya 2023, yomwe imadya magetsi ochepa kwambiri. Ina ndi ya kaunjika yochokera m'maofesi a kunja, monga Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro ndi HP EliteDesk Mini. Ubwino wa ya m'maofesiyi ndi wakuti idapangidwa kuti izigwira ntchito tsiku lonse, imatseguka mosavuta, ndipo nthawi zina RAM ndi SSD za laputopu yakufa ija zimalowamo ngati zili za mtundu umodzi.

Mtundu wachiwiri ndi Raspberry Pi, kakompyuta kochokera ku Cambridge m'dziko la Britain, komwe kadayamba kugulitsidwa mu 2012 n'cholinga chophunzitsira ana luso la makompyuta. Raspberry Pi 400, yomwe idatuluka mu 2020 pa mtengo wa madola 70 a ku America, ndi kompyuta yathunthu yobisika m'kati mwa kiyibodi. Imayendera Linux, osati Windows, ndiye mapulogalamu a Windows amene mudazolowera sagwira ntchito pamenepo. Kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama kumatheka kudzera mu LibreOffice, yomwe ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale kuti maonekedwe a tsamba amatha kusinthika pang'ono.

Mtundu wachitatu ndi timalaputopu ting'onoting'ono, kuphatikizapo Chromebook, yoyendera pulogalamu ya Google. Iti tili ndi sikirini, kiyibodi ndi batire pamodzi. Chromebook imayaka msanga ndipo batire lake limakhalitsa, koma ntchito zake zambiri zimadalira intaneti, zomwe zikutanthauza kugula bandulo pafupipafupi. Komanso Chromebook iliyonse ili ndi tsiku lomwe Google imasiya kuitumizira zokonza za chitetezo, choncho pogula yakale funsani tsikulo.

Mtengo wobisika ndi nkhani ya magetsi

Mtengo wolembedwa pa mini PC kapena Raspberry Pi ndi wa kabokosi kokha. Pafunikanso sikirini, mausi, chingwe, komanso kiyibodi ngati palibe, ndipo wochita misonkhano ya pa Zoom afunikanso kamera ndi maikolofoni. Amene ali kale ndi TV yolandira HDMI apulumutsapo ndalama, koma ayembekezere mkangano pa nthawi ya mpira kapena nkhani za madzulo. Amene alibe chilichonse mwa izi angapeze kuti zonse pamodzi zafika pa mtengo wa laputopu yabwino ya kaunjika. Woitanitsa kuchokera kunja awerengerenso ndalama yotumizira katunduyo ndi msonkho womwe ungakhalepo.

Kusiyana kwakukulu kuli pa batire. Magetsi akathima, laputopu imapitiriza kugwira ntchito, pomwe mini PC imazima nthawi yomweyo, zimene simudasunge n'kutayika, ndipo kuzimazima kotere kumatha kuwononga mafayilo. Mankhwala ake ndi UPS, yomwe imapereka mphindi zingapo zosungira ntchito ndi kuzimitsa makina bwinobwino, koma nayonso ndi ndalama ina. Kwa amene ali ndi sola pakhomo zinthu zimapepukako, poti timakompyutati timadya magetsi ochepa kuyerekeza ndi makompyuta akuluakulu apatebulo. Raspberry Pi 400 imangofuna tchaja ya mawati 15, ngakhale sikirini imafunanso magetsi akeake.

Manambala oyenera kuyang'ana

Kompyuta ya Windows ikhale ndi RAM yosachepera 8GB. Windows 11 imalola 4GB, koma mukatsegula masamba angapo a intaneti pamodzi ndi Word, makinawo amayenda ngati kamba. Posungira mafayilo sankhani SSD ya 256GB kapena kuposerapo. Timalaputopu totchipitsitsa timakhala ndi eMMC ya 32GB kapena 64GB yomatiridwa m'kati, yomwe imadzaza msanga ndipo siisinthika.

Yang'ananinso zaka za purosesa. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene adalembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Windows 11 imafuna chipangizo cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 komanso, kumbali ya Intel Core, purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. M'badwowu umadziwika ndi nambala yotsatira kamzere: i5-8500T ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, pomwe i5-6500T ndi ya wachisanu ndi chimodzi. Makina akale chotere sikuti ndi otayika, chifukwa amayenda bwino ndi Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere, koma mtengo wake uyenera kutsika molingana ndi ukalamba wake.

Tsiku logula

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pemphani wogulitsa ayatse makinawo pamaso panu, muone nokha m'kati mwa Windows ngati RAM ndi purosesa zikugwirizana ndi zimene wanena. Yesani malo onse olowetsa USB, Wi-Fi ndi mawu, poti ma mini PC ena a m'maofesi amabwera opanda Wi-Fi. Pa laputopu ya kaunjika, zulani tchaja muone momwe batire likutsikira. Tengani lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi nthawi ya chitsimikizo chobwezera. Lisitiyo ndi umboni wanu ngati mungakadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, komanso imakutetezani makinawo akadzapezeka kuti adali obedwa.

Kwa wogwirira ntchito malo amodzi, amene ali ndi sikirini komanso magetsi odalirika, mini PC imapereka mphamvu zambiri pa ndalama zochepa. Kwa wophunzira woyenda ndi chikwama pakati pa kalasi, laibulale ndi hositelo, laputopu ya kaunjika ya batire labwino ndiyo yomuyenera. Wokonza makanema kapena wojambula mapulani a nyumba asadzinamize, ntchito yake imafuna makina amphamvu. Ndipo laputopu yakufayo musaitaye kudzala kapena kuiwotcha, chifukwa batire lake limatha kuphulika. Chotsanimo chosungira mafayilo anu, zotsalazo mugulitse kwa amisiri ofuna zipangizo, ndalamayo ithandizire kugula ina.