Mnzako umutchula chiyani pa Chingerezi?

Anzanga, imani kaye pabolodi pano belu lisanalire. Tonse tikudziwa kuti munthu sungatenge satifiketi ya MSCE utalephera Chingerezi, ngakhale Masamu utakhoza bwanji. Ndipo polemba kalata kapena chimangirizo, nkhani ya mnzako imabwera kawirikawiri. Vuto ndi lakuti ambirife tili ndi liwu limodzi lokha m'thumba, friend. Kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza ndi "my friend" yekhayekha. Ena pofuna kuonetsa kuti chizungu amachitha, amangotola liwu lililonse lomwe amva mufilimu, osadziwa kuti mawu ena ndi onyoza. Ndiye ndati ndikuyalireni mawu angapo, komwe anachokera ndi malo ake owagwiritsa ntchito.

Tiyambire kwathu konkuno. Pa Chichewa tili ndi mnzanga, bwenzi, mnzanga wapamtima, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, ndiye pali aise ndi amwene a pabwalo la mpira. Onsewa akunena za ubwenzi, koma palibe angalowe mu ofesi ya ahedi n'kunena kuti "Aise, ndabwera." Chingerezinso chili chimodzimodzi. Liwu lililonse lili ndi pokhala pake.

Friend ndiye liwu lopanda ngozi. Limakwana m'kalata iliyonse, kwa wamkulu kapena kwa mwana. Linachokera ku liwu la Chingerezi chakale lotanthauza kukonda. Ukafuna kusonyeza kuti ndi wapamtima, umangowonjezera kutsogolo: close friend, best friend. Koma chenjerani ndi girlfriend ndi boyfriend. Kuno kwathu aliyense akamva mawuwa amaganiza za chibwenzi. Ngati ukunena mtsikana amene mumangowerengera limodzi, nena kuti a friend of mine kapena my classmate, nkhani yathera pomwepo.

Liwu lomwe ine limandisangalatsa kwambiri ndi companion. Linachokera ku Chilatini: com ndi "pamodzi", panis ndi "buledi". Companion ndi munthu amene mumagawana naye buledi. Ife tikanati wodya naye nsima mbale imodzi. Masiku ano limanena munthu amene umayenda naye kapena kukhala naye nthawi yaitali, monga amene mumayenda naye makilomita asanu m'mawa uliwonse kubwera kusukulu kuno. Ndi liwu laulemu, ndipo m'chimangirizo limakhala bwino zedi.

Mate nalonso muzu wake uli pa chakudya. Ndi lapachibale ndi meat, liwu lomwe kalekale linkatanthauza chakudya cha mtundu uliwonse, osati nyama yokha. Ku Britain ndi ku Australia anthu amaitanana "mate" monga ife timanenera aise. Ndi la pocheza basi, m'kalata yopempha ntchito lisapezekemo. Koma likaphatikizidwa ndi liwu lina limakhala lovomerezeka paliponse: classmate, schoolmate, teammate, roommate. Mu Biology, mate ndi nkhani ina, ya nyama yaimuna ndi yaikazi pobereka, ndiye muziona chiganizo chonse.

Buddy ndi la ku America, ndipo akatswiri ambiri amati linachokera ku brother. Pal nalonso likunena m'bale. Angerezi analibwereka m'zaka za m'ma 1600 kuchokera ku chinenero cha anthu otchedwa Roma, komwe limatanthauza mchimwene. N'chifukwa chake makolo athu amene ankalemberana makalata ndi anzawo akunja ankati ali ndi pen pal. Onani kuti ifenso mnzathu weniweni timamuti achimwene kapena achemwali ngakhale sitinabadwe bere limodzi. Chum ndi la ophunzira a ku England a m'zaka zomwezo, ndipo lero limamveka lachikale. Mukalipeza m'buku, ingodziwani kuti ndi mnzako.

Comrade linadzera ku Chifalansa kuchokera ku Chisipanishi, camarada, kutanthauza wogona naye chipinda chimodzi. Asilikali analitenga, kenako andale. N'chifukwa chake mumalimva m'zipani zomwe zinamenyera ufulu, monga ANC ku South Africa ndi ZANU-PF ku Zimbabwe, pamene a Frelimo ku Mozambique amati camarada. Ukalemba kuti "my comrade" ponena mnzako wokhala naye desiki imodzi, wowerenga aganiza kuti munali kunkhondo.

Pali confidant, munthu amene umamuuza zinsinsi zako podziwa kuti sakaulula. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lonena za kukhulupirira. Munthu ukhoza kukhala ndi ma friend makumi awiri, koma confidant amakhala mmodzi kapena awiri.

Tsopano mawu oti muwasamale. Acquaintance si mnzako wapamtima ayi. Ndi munthu wongodziwana naye, wopatsana naye moni panjira. Ukamutchula mnzako wa kuyambira Sitandade 1 kuti acquaintance, wamukana poyera. Colleague ndi wogwira naye ntchito, monga aphunzitsi athu mu staff room. Crony linayamba bwinobwino pakati pa ophunzira a ku Cambridge m'zaka za m'ma 1600, kutanthauza mnzako wakalekale. Lero manyuzipepala amaligwiritsa ntchito ponena anzake a munthu waudindo amene amapatsidwa ntchito kapena makontirakiti mokondera, ndipo pamenepo ndi pomwe panachokera cronyism. Accomplice ndiye loopsa kuposa onse: wothandizana naye kupalamula mlandu. Ukalemba kuti unapita kumsika ndi accomplice wako, wochonga adzifunsa kuti munakabako chiyani.

Nanga bestie, BFF ndi bro a pa WhatsApp ndi Facebook? Ndi mawu enieni ndithu, moti bestie linalowa mu Oxford English Dictionary mu 2014. Koma kulowa m'dikishonale sikutanthauza kuti lalowanso m'chipinda cha mayeso. Asiyeni pafoni. Amene muli ndi abale ku Joni mwina munamvapo wina akuti "my china". Sakunena dziko la China ayi. Ndi masewera a mawu a ku London, komwe china plate limamveka mofanana kothera ndi mate, ndipo linafika mpaka ku South Africa.

Ndiye musanalembe, dzifunseni mafunso awiri. Kodi ndikulembera ndani? Nanga munthu ndikumutchulayu ndi wotani kwa ine? Ngati ndi mayeso kapena kalata ya kwa akuluakulu, gwirani friend, close friend, companion kapena classmate. Ngati ndi kalata ya kwa mnzanu, pal kapena buddy akhoza kulowa kamodzi, koma osadzaza nawo tsamba. Ukakayika, bwerera kwa friend, sangakuchititse manyazi.

Ndikusiyireni kantchito. Tengani kope, lembani mayina asanu a anthu amene mumacheza nawo, ndipo aliyense mumupatse liwu lomuyenera pa mawu tatchulawa. Muona nokha kuti ma acquaintance ndi ochuluka kuposa momwe mumaganizira. Amene mumupeze kuti ndi confidant, ameneyo mumusunge bwino.