Chotupa cha mumtima: si khansa, koma chimapha

Ine mawu oti "si khansa ayi" ndimawaopa akamanenedwa za chotupa cha mumtima. Munthu akamva choncho amabwerera kukatsegula okala yake, nkhawa zonse zitatha.

Chofala kwambiri mwa akuluakulu, makamaka amayi, madotolo amachitcha myxoma. N'chofewa ngati phala lozizira, chimalendewera pa kaphesi, ndipo pa zinayi zilizonse zitatu zimamera m'chipinda chakumtunda cha kumanzere kwa mtima. Mtima ukagunda chimagwera pakhomo podutsa magazi. Mwini wake amabanika, mwinanso kukomoka kumene. Kachidutswa kakanyotsoka n'kupita ku ubongo, basi sitiroko, ngakhale munthu wa zaka 35.

Choipa china, chimatenthetsa thupi ndi kuwondetsa. Ife apa timafulumira kunong'ona za TB kapena kaliwondewonde, chikhalirecho makina a echo akadachiona pa mphindi zochepa chabe.

Mankhwala ochisungunula palibe, anzanga, koma opaleshoni. Amatsegula chifuwa, makina n'kuyamba kugwira ntchito ya mtima ndi mapapo, iwo n'kudula chotupacho ndi tsinde lake lomwe, ndipo sichibwereranso wamba. Clarence Crafoord anachita zimenezi ku Stockholm mu 1954, wodwalayo n'kukhalanso ndi moyo zaka zambirimbiri.