Zobvala Kumikono Pokwera Njinga

Inu amene mulawira pa njinga m'miyezi ya June ndi July mudziwa kuti mphepo ya m'mamawa iluma mikono, koma dzuwa likakwera jekete lisanduka katundu. Cifukwa cace ena abvala manja a nsaru opanda malaya ace, oyambira pa dzanja kulekeza m'munsi mwa phewa. Kukatentha angowabvula ndi kuwaika m'thumba.

Posankha nsaru musaganize za cisanu cokha, kumbukirani thukuta. Thonje limwa thukuta ndi kulisunga, ndipo potsika citunda nsaru yonyowayo iziziritsa mkono koopsya. Ubweya wa nkhosa ufunda ngakhale utanyowa, ndiponso sununkha msanga. Wa nkhosa za Merino suyabwa, koma ngwokwera mtengo, ndipo mukaucapa m'madzi otentha ufupika. Polyester ndi nailoni ziuma msanga. Zikasanganizidwa ndi Lycra, ulusi wotanuka wopangidwa ku America m'caka ca 1958, zigwira mkono osatsetsereka. Kwa munthu wa nchito, wocapa madzulo nabvalanso m'mawa, zimenezi ndizo zoyenera.

Musanagule yesani, mupinde cigongono. Zikathina kufikira zala kucita dzanzi, zisiyeni.