Mtengo wa mphako ukagwa, canga adzagona kuti?

Ambiri a ife tinabzala bulugamu pakhomo, koma ocepa ndiwo adziwa kuti kwao kwa mtengowu ndi ku Australia. M'nkhalango za bulugamu za kum'mawa kwa dzikolo, kucokera ku Queensland mpaka ku Victoria, mukhala kanyama kamene amati greater glider. Kamadya masamba a bulugamu, ndipo usiku kamatambasula cikopa ca m'nthiti ndi kuuluka kucoka pa mtengo wina kufika pa wina, mtunda wofika mamita 100. Masana kamagona m'mphako za mitengo yakale, zimene zimatenga zaka zoposa 100 kuti zipangike. Kudula mitengo ndi moto waukulu wa mu 2019 ndi 2020 zinaononga malo ake, motero mu 2022 boma la Australia linakaika pa gulu la nyama zimene zingathe kutheratu.

Kuno ku Chadiza tili ndi canga. Iye sauluka koma amalumpha, amadya tizilombo ndi utomoni, ndipo nayenso amabisala m'mphako masana. Tikamadula mitengo ikuluikulu kuti tioche makala, tiumitse fodya kapena tikuze minda, tipasula nyumba yake. Bulugamu wobzala dzana atipatsa milimo ndi nkhuni, koma mphako alibe.

Conco alimi anzathu a kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, potsegula munda tisiyeko mitengo yakale ya mphako, makamaka m'mbali mwa mitsinje. Tizitentha chire msanga udzu usanaumitsitse, osadikira moto wa mu Okutobala. Mtengo umene agogo anaupeza ulipo sitingaubweze pa moyo wathu uno.