Cifuwa ca Mafinya: Mpeni Kapena Mankhwala?

M'migodi ya platinamu ya ku Rustenburg, ku South Africa, kumene akumba mwala wa Merensky Reef umene unapezedwa m'caka ca 1924, nthenda ya TB yasautsa anchito ambiri, pakati pao amuna a ku Malawi ndi ku Mozambique. Munthu angathe kumwa mankhwala miyezi 6 nacira TB, koma cifuwa osaleka ai. M'mawa uli wonse atsokomola makhololo ambiri onunkha, mwina osanganizika ndi mwazi. Kawirikawiri imeneyi ndiyo nthenda yochedwa bronchiectasis, imene dotolo Laennec wa ku France anailongosola mu 1819.

Tinjira ta mpweya ta m'mapapo tikatupa nthawi yaitali, titanuka ndi kusanduka timatumba, ndipo sitibwereranso mwakale. M'menemo makhololo aima monga madzi a pa cithaphwi, tizirombo nitiswana.

Mankhwala onga penicillin asanawande m'zaka za m'ma 1940, ciyembekezo cacikuru cinali mpeni. Phapo la kumanja liri ndi zigawo 3, la kumanzere 2. Dotolo acotsa cigawo cobvunda, zotsalazo nizipumira munthu. Masiku ano opareshoni icitika pokhapo cithunzi ca CT cikaonetsa kuti nthenda iri pa malo amodzi ndipo mankhwala alephera, kapena mwazi ukaturuka wambiri. Ngakhale pa mwazipo, madotolo athanga ayesa kutseka mtsempha umene ukukha.

Tsono apa ndipo pagona bvuto la munthu wa kumgodi. TB kawirikawiri isiya zipsera m'malo angapo, ndipo iye amene anayamba wagwirako nchito ku migodi ya golide angakhale ndi pfumbi la mwala m'mapapo onse awiri. Wotere akamcotsa cigawo, mpweya umcepera, koma nthenda itsala kwina. Kukana kwa dotolo pamenepo si kummana cithandizo ai.

Cithandizo ca ambiri ncotopetsa, pakuti ncamasiku onse. M'mawa ndi madzulo wodwala agone monga amphunzitsa ku cipatala, mbali yodwalayo iri kumwamba, mbale wace namuomba-omba pamsana ndi zikhato zopinda, kuti makhololo asunthe naturuke. Aleke fodya, alandirenso katemera wa cimfine caka ndi caka. Makhololo akacuruka ndi kubiriwira, kapena thupi likatentha, afulumire ku cipatala, kumene ampatsa mankhwala a masiku ngati 14. Pomwepo makhololowo apimidwenso, cifukwa TB imabwereza.