Yambani ndi makina, hosi ibwere pambuyo

Anthu a kwathu akangopeza kontilakiti ya msewu kapena damu, choyamba kunditumizira pa WhatsApp chimakhala chithunzi cha hosi. Scania yofiira, Volvo FH yonyezimira, kapena Mercedes-Benz Actros yoimikidwa pa yadi ina ku Kempton Park, pansi pake n'kulemba kuti, "Achimwene, imeneyi mukuiona bwanji?" Ine ndimawabwezera funso: izikanyamula chiyani? Ambiri apa amayamba kuzengereza. Amati makatapila. Makatapila ake ati, olemera bwanji, otakata bwanji, sanaganizepo.

Ndimayendetsa lowbed kuno ku Pretoria, pa kampani yaing'ono yobwereketsa makina a zomangamanga chakumadzulo kwa tauni. Lero ndingatule ekisikaveta ku Soshanguve, mawa n'kukatenga giredala ku Centurion, mkuja n'kukasiya rola ku Mamelodi. Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake pogula zida, ndipo limayambira kumbuyo. Makina ndiwo amakuuzani thirela yofunika, thirela n'kukuuzani hosi. Hosi, mutu wokoka uja umene aliyense amaukonda chifukwa uli ndi wailesi ndi bedi, ndiyo yomaliza kusankhidwa.

Pa makina aliwonse pamafunika manambala atatu: kulemera, kutakata, ndi msinkhu wake akagonetsa mkono. TLB ngati JCB 3CX imalemera pafupifupi matani 8. Ekisikaveta za gulu la Komatsu PC200 kapena Caterpillar 320 zili pa matani 20 mpaka 22. Buludoza ya D8 imayandikira matani 40. Koma zimenezi ndi za m'buku. Makina ochokera pa saiti amabwera ndi thanki yodzaza dizilo, ndowa yachiwiri yokumbira, mwina ndi nyundo yoswera miyala, komanso dothi lofiira la kuno litamatirira m'matcheni oyendera. Nthawi ya mvula, kuyambira October mpaka March, matope okhawo amaoneka pa sikelo. N'chifukwa chake fosholo siichoka kuseri kwa kebu yanga.

Malire ake ali m'lamulo la National Road Traffic Act la 1996 ndi malamulo ake a 2000. Galimoto yaikulu ya katundu isatakate kupitirira mamita 2.6, ndipo msinkhu wake pamodzi ndi katundu usapitirire mamita 4.3. Hosi ndi thirela imodzi zisatalike kupitirira mamita 18.5. Kulemera konse kusadutse matani 56. Amene amabwera ndi nambala ya 56 m'mutu amaganiza kuti ekisikaveta ya matani 21 ndi nkhani yaing'ono. Pa kulemera ndi yaing'onodi. Koma tengani tepi muyeze kuchokera kunja kwa tcheni la kumanzere mpaka kunja kwa la kumanja: mupeza mamita 2.8, ina pafupifupi 3. Basi, katundu wanu wasanduka abnormal load, ndipo simuyenda naye pa msewu wa boma popanda chilolezo.

Chilolezocho chimaperekedwa ndi boma la chigawo. Kuno ndi Gauteng Department of Roads and Transport, ndipo amatsata buku la malangizo lotchedwa TRH 11. Ulendo ukadutsa m'zigawo ziwiri, monga kuchoka ku Rosslyn kupita ku migodi ya ku Rustenburg m'chigawo cha North West, chigawo chilichonse chiyenera kuvomereza. Amachipereka pa katundu wosagawika yekha. Simungaunjike makina awiri ang'onoang'ono n'kukapempha kuti akuloleni kupyola malire. Pa pepalapo amalemba njira yodutsa, nthawi yoyenda, zikwangwani, mbendera zofiira, nyali zachikasu, ndipo katundu akatakata kwambiri amalamula galimoto yoperekeza. Kawirikawiri usiku ndi masiku a tchuthi mumaimika. Munthu wowerengera phindu la lowbed ngati kuti iziyenda usana ndi usiku wayamba kale kudzinamiza.

Msinkhu ndiwo umasankha mtundu wa thirela. Thirela wamba yafulati, ija yonyamula simenti ndi feteleza, bedi lake lili pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchoka pansi. Ekisikaveta ya matani 20 ikagonetsa mkono imafika mamita atatu. Phatikizani, mwadutsa kale 4.3. Bedi la lowbed limakhala pa mita imodzi kapena kucheperapo, ndiye makina omwewo amalowa pansi pa milatho bwinobwino. Pretoria ili ndi milatho yakale ya njanji, makamaka mbali za Pretoria West ndi Hercules, ndipo chikwangwani cha msinkhu sichikhala chokongoletsa. Pa 24 December 2022 thanki yonyamula gasi inakanirira pansi pa mlatho wa njanji ku Boksburg, pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial, n'kuphulika. Anthu oposa 40 anamwalira. Ife oyendetsa katundu wamtali nkhani ija sitinaiiwale. Ine ndikamaliza kumanga ndimayeza ndi ndodo pamwamba pa mkono, n'kulemba nambalayo pa kapepala, n'kumata pa dashibodi.

Kwa amene ali ndi TLB, rola yaing'ono kapena folokolifiti, rollback ya maekiselo atatu imakwana: bedi limatsetsereka mpaka pansi, makina n'kukwera okha kapena kukokedwa ndi winchi. Stepdeck yokhala ndi malampu kumbuyo ndi yabwino kwa amene akufuna kunyamula giredala lero, mapaipi mawa, chifukwa pobwerera siibwera yopanda kanthu. Lowbed ya khosi lopinda kapena lochotsa ndi ya makina a matcheni olemera. Khosi limatsika, makina amakwerera kutsogolo pamalo otsika, osachita kukwera pamwamba pa matayala a kumbuyo. Amene anaonapo buludoza ikufika pamutu pa malampu n'kupendekera kutsogolo mwadzidzidzi, woyendetsa ali m'mwamba osaona kumene akupita, amadziwa chifukwa chake khosi lochotsa limadula.

Tsopano nkhani ya sikelo, imene imadya ndalama za anthu ambiri. Sikelo imayeza galimoto yonse, komanso imayeza ekiselo iliyonse payokha. Ekiselo ya chiwongolero isapitirire matani 7.7. Ekiselo imodzi ya matayala anayi, matani 9. Ziwiri zophatikizana, matani 18. Zitatu, matani 24. Hosi ya maekiselo awiri okoka ndi lowbed ya maekiselo atatu, mukawonkhetsa 7.7 ndi 18 ndi 24, mupeza matani 49.7. Pamenepo chotsanipo kulemera kwa hosi, pafupifupi matani 9, ndi kwa lowbed, matani 10 kapena kuposerapo. Otsala oti munyamule ndi pafupifupi matani 30 kapena kucheperako. Wogulitsa akamakuuzani kuti "iyi ndi lowbed ya matani 45", akunena za mphamvu ya chitsulo chake. Zimene msewu ukuloleni kunyamula popanda chilolezo ndi nkhani ina. Kuti mukweze D8 mufunika ekiselo yachinayi kapena dolly pakati pa hosi ndi thirela, ndi chilolezo pamwamba pake.

Ngakhale kulemera konse kuli m'malire, mutha kugwidwa chifukwa cha malo amene mwaimika makina. Zili ngati thumba la chimanga pa kaliyala ya njinga: mukalisunthira kumbuyo, tayala la kutsogolo limanyamuka. Pa sikelo ya Donkerhoek, pa N4 kum'mawa kwa tauni, ndinaimapo pambali pa mnyamata wina amene maekiselo ake a thirela anapyola pamene a hosi anali opepuka. A pa sikelo anamuimitsa pa bwalo. Iye anamasula matcheni onse dzuwa likuswa mtengo, analiza ekisikaveta, anaisuntha kutsogolo mwina theka la mita, anamanganso, n'kubwerera pa mzere. Inadutsa, koma tsiku linali litapita, ndipo tikiti anali atalembedwa kale. Pa lowbed yathu tinapenta timizere toyera pamene sipuloketi ya makina aliwonse iyenera kuima. Masikelo atizungulira: Donkerhoek kum'mawa, Bapong pa N4 cha ku Brits, Mantsole pa N1 popita ku Bela-Bela. Kuzemba kudzera m'timisewu ta m'mafamu ndi lowbed yotsika chonchi n'kufuna kukanirira pamimba pa njanji.

Thirela ikadziwika, hosi imadzisankha pafupifupi yokha. Pa ntchitoyi gulani ya maekiselo awiri okoka, imene timati 6x4. Hosi ya ekiselo imodzi yokoka ndi yotchipa ndipo imamwa dizilo wochepa, koma ndi thirela ya maekiselo atatu imathera pa matani 40.7, ndipo pa saiti yonyowa matayala amangozungulira pamalo amodzi. Lamulo limanenanso zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa: kulemera konse kusapitirire kasanu kulemera kumene kuli pa maekiselo okoka, ndipo kilowati iliyonse ya injini isakoke makilogalamu oposa 240. Pa matani 56, ndiye kuti makilowati oposa 233. Amenewo ndi malire chabe. Ine ndimafuna makilowati oposa 300, magiya otsika oyambira pa chitunda, ndi difu lokhoma. Liwiro silindikhudza, galimoto zolemera chonchi zimathera pa makilomita 80 pa ola, ndipo chilolezo chimatha kutsitsanso.

Chimene ndimayang'ana kwambiri ndi kuimitsa. Mzinda uno wadulidwa ndi mapiri a Magaliesberg, ndipo amene amapita ku Mpumalanga amadziwa mitsetse ya pa N4 kupitirira Machadodorp. Hosi yopanda retarder kapena buleki yamphamvu ya injini imakukakamizani kuponda buleki ya phazi mpaka fungo la kupsa litalowa m'kebu. Matayala a lowbed ambiri ndi ang'onoang'ono, a mainchesi 17.5, ndipo amatentha msanga. Onaninso ngati hosi ili ndi pampu ya hayidiloliki yoyendetsera malampu kapena khosi. Hosi zambiri zogulitsidwa zinkakoka makontena ndipo zilibe. Phini lolumikizira nalonso lili mitundu iwiri, la mainchesi 2 ndi la 3.5. Ndikudziwa munthu amene anagula hosi ku yadi ina, lowbed ku yadi ina, n'kuzindikira tsiku lolumikiza kuti sizikwatirana.

Za dzina la galimoto anthu amakangana mpaka mowa kutha. Ine ndimati gulani imene makaniko wa kumene ikagwire ntchito amaidziwa, ndipo sipeya zake zimapezeka. Kuno n'kosavuta: UD Trucks amamangira magalimoto awo ku Rosslyn, ndipo Afrit, opanga mathirela, ali komweko. Koma hosi yodzaza makompyuta ikazima kwathu pa Nkhamenya kapena pa Nchalo, funso limakhala loti makina oipimira ali kuti.

Palinso anzathu a ntchito zing'onozing'ono amene amakoka Bobcat ndi bakkie. Ford Ranger ya ku Silverton kapena Toyota Hilux amailemba kuti imakoka mpaka matani 3.5, ndiye munthu amangogula thirela ya maekiselo awiri n'kunyamuka. Lamulo limati thirela yodalira buleki yodzigunda yokha isalemere kuposa galimoto yoikoka ili yopanda katundu, ndipo bakkie imalemera pafupifupi matani awiri. Bobcat ya matani atatu ndi thirela yake zadutsa kale. Komanso thirela ikapitirira makilogalamu 750 pamafunika laisensi ya EB. Ya B siikwana. Ya hosi ndi thirela ndi EC, imene akuluakulu amaitchabe Code 14, pamodzi ndi chilolezo cha dalaivala cha PrDP.

Lowbed yakale muziigula mutagona pansi pake ndi tochi. Penti yatsopano pakhosi ndimaikayikira, chifukwa ming'alu imayambira pamene khosi limakumana ndi bedi. Ikani chingwe m'litali mwa bedi: yabwino imakhala yotukuka pang'ono pakati ikakhala yopanda katundu, yotopa imakhala yolowa. Matayala akadyeka mbali imodzi ndiye kuti ekiselo inapindika. Nambala ya pa chasisi ifanane ndi ya pa mbale ndi ya m'mapepala a eNaTIS. Matabwa a pabedi akhale amphumphu, chifukwa tcheni lachitsulo pa bedi lachitsulo, kukagwa mvula, limaterereka ngati palibe chomangira; ife timayalanso malamba akale a conveyor. Werengani ndi makutu omangirapo matcheni, muone ngati ali pamalo oyenera makina anu.

Amene akufuna kupita ndi hosi ndi thirela kumudzi awonjezere mapepala ena. Galimoto ya kuno yonyamula katundu wa malonda kudutsa malire imafuna chilolezo cha Cross-Border Road Transport Agency, ndipo imene mukuitulutsa kotheratu imafuna chikalata cha apolisi. Chilolezo cha abnormal cha kuno chimathera pa Beitbridge. Zimbabwe ili ndi chake, Mozambique chake, Malawi chake. Ku Tete magalimoto olemera amawolokera pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, ndipo mukalowa pa Mwanza sikelo ikukudikirani, inanso pa Balaka. Ngati muli ndi ekisikaveta imodzi imene imasamuka kamodzi pa miyezi iwiri, malangizo anga ndi oti musagule hosi. Lipirani wa lowbed tsiku losamuka. Hosi yoima pa yadi imafunabe inshuwalansi, laisensi ya chaka, kupimidwa kwa roadworthy chaka chilichonse, ndi malipiro a dalaivala, pamene ndalama yomweyo ikanagula TLB yachiwiri yoti izikumba.